Malume ndi Pilawu wa kwa Mzee

Chaka chimene malume anga anabwera ku Karonga kudzandiletsa ukwati, ndinali namwino pa kachipatala kena ku Kaporo. Kwathu ndi ku Ntcheu. Boma litanditumiza kumpoto, amayi analira ngati ndikupita kunja kwa dziko. Nanenso miyezi yoyamba ndinkalira, chifukwa cha kutentha ndi udzudzu, komanso chifukwa odwala akamafotokoza matenda awo m'Chinkhonde ndinkangotolapo liwu limodzi lokha, "ndagha", limene ankandithokoza nalo potuluka. Koma munthu amazolowera. Patapita zaka ndinali nditanenepa, ndikutha kulonjera ndi kukalipa m'chinenero chawo, ndipo ndinali nditapeza mwamuna. Anali mlangizi wa zaulimi wa ku Lupembe, wamtali, wofatsa, woti akamaseka mapewa okha ndiwo ankagwedera.

Nkhani itafika kumudzi, abale anakhala pansi nagwirizana kuti zimenezo sizingatheke. Kwathu mwamuna ndiye amabwera kudzamanga nyumba kwa mkazi. Iwo anali atamva kuti kumpoto amapereka ng'ombe, mkazi n'kupita osabwereranso, ana onse n'kukhala akuchimuna. Tsono anatuma malume, mlongo wawo wa amayi, kuti adzanditenge, ndipo zikakanika, adzamuopseze mnyamatayo.

Malume anali telala wa pakhonde la sitolo komanso mkulu wa mpingo. Anali aafupi, a mimba yozungulira, ndipo jekete sankavula ngakhale dzuwa liswe mtengo. Pa nkhani ya chakudya anali ndi malamulo awoawo. Sankadya chophika mwamuna. Sankadya kwa munthu amene amayi ake sakuwadziwa. Mpunga kwa iwo unali wa pa Khirisimasi ndi wa odwala, ndipo ankati odya m'malesitilanti ndi anthu amene akazi awo anawathawa.

Ndinapita ku boma Loweruka kukawachingamira. Anatsika basi ali mbuu ndi fumbi la m'njira, dzanja lili patsaya chifukwa dzino linali litawayamba cha ku Mzuzu. Tisanamalize n'kulonjerana komwe, mvula inakhuthuka. Inali nyengo ija mitsinje ya kumeneko imachita misala. M'mawa mwake tinamva kuti madzi asefukira, msewu wa ku Kaporo waduka, ndipo palibe galimoto yowoloka mpaka madzi ataphwera. Malume ndinawapezera chipinda kunyumba yogona alendo. Ine ndinkagona pansi m'chipinda cha mnzanga kunyumba za anamwino, kumene mwamuna sankaloledwa kupondako, ndipo kunalibe poti n'kuphikira mlendo.

Tsiku loyamba malume anadya kamba wawo, mtedza wokazinga ndi mbatata zootcha, nandiuza kuti Mngoni safa ndi njala ya tsiku limodzi. Tsiku lotsatira kamba anatha. Cha kumasana ndinawapeza atakhala pakhonde akuyang'anitsitsa nkhuku za eni ake.

"Malume, tiyeni tikadye kwa Mzee," ndinatero.

"Mzee ndiye ndani? Ndi mkazi?"

"Ali ndi mkazi," ndinayankha, ndipo sindinaname.

Lesitilanti ya Mzee inali kutawuni yakale, kuseri kwa msika, m'nyumba imene kale inali sitolo ya Mmwenye. Munali matebulo ochepa, mabenchi, mtsuko wa madzi pakona, ndipo pamwamba pa mtsukowo panali chithunzi cha Pulezidenti, chokwezedwa kuposa china chilichonse pakhoma monga lamulo linkafunira. Ife antchito a boma ochokera kummwera ndi pakati tinkakonda kudya kumeneko chifukwa mtengo wake unali woti ngakhale pakati pa mwezi munthu n'kulowa osachita mantha. Aphunzitsi, apolisi, makalaliki, tonse tinkapanikizana pabenchi limodzi ndi asodzi ndi ogulitsa mpunga.

Mzee si dzina, ndi mmene amatchulira munthu wamkulu m'Chiswahili. Anali Mnkhonde wakuda bii, wa imvi, amene moyo wake wonse anathera m'makhitchini a anthu obwera. Anayamba kwa banja la Amwenye eni sitoloyo, ndipo pamene Amwenye analamulidwa kusamukira m'mizinda ikuluikulu, anamusiyira masefuliya ndi mwala woperera zokometsera. Anaphikirakonso wansembe wina wa ku Italy, kenako Matchaina amene ankaphunzitsa anthu kulima mpunga m'masikimu. Aliyense anamubera kanthu kake. Pakhoma panalibe polemba zakudya. Munthu ukalowa unkangofunsa kuti, "Lero tili kuti, Mzee?" Iye n'kuyankha kuti ku India, kapena ku China, malinga ndi mmene wadzukira komanso zimene wapeza pamsika. Mkazi wake, amene tonse tinkamutcha Mama, anali wa dziko la kutsidya kwa mtsinje wa Songwe. Masiku amenewo maboma awiriwa sankamwerana madzi, koma zokometsera za Mama zinkafika ndithu mwezi ndi mwezi, ndipo palibe wapolisi amene anafunsapo kuti zadzera kuti, poti nawonso ankadya pomwepo.

"Karibu, karibu bwana mkubwa!" Mzee anatero m'Chiswahili, kuwatcha bwana wamkulu, ataona jekete la malume. Anawapukutira benchi ndi nsalu ya paphewa pake. "Lero mwafika bwino. Tili ku Zanzibar."

Malume anandiyang'ana. "Wati tili kuti?"

"Akunena chakudya, malume."

"Ndiye wophika ndi ameneyu? Mwamunayu?"

"Amathandizana ndi mayi aja," ndinatero, ndikuloza Mama amene panthawiyo anali atakhala pampando akudzipepesa ndi chivindikiro cha poto.

Pilawu anabwera m'mbale zazitsulo, mpunga wa Kilombero wofiirira, wa nyama ya mbuzi, fungo lake lofika mpaka panja. Malume anapemphera pemphero lalitali, ndipo m'kati mwake anapempha Mulungu kuti atiteteze ku zimene sitikuzidziwa. Atatsegula maso anatenga supuni n'kuyamba kufukula mpungawo ngati nkhuku padzala. Anatulutsa kanthu kakuda konga msomali waung'ono, nakaika m'mphepete mwa tebulo. Anatulutsa kakhungwa ka mtengo. Anatulutsa tsamba louma lathunthu. Posakhalitsa panali mzere wa tinthu, ndipo nkhope yawo inali itasintha.

Anandikodola kuti ndiwayandikire. "Iwe mwana wa mlongo wanga," ananong'ona, "mnyamata wakoyo anabwerapo nawe muno?"

"Kangapo, malume."

"Basi. Ndazindikira tsopano. Ife kumudzi timadabwa kuti mwana wophunzira wapenga bwanji. Taona mizu iyi. Taona makungwa. Akudyetsa iwe, ndipo sabisa n'komwe!"

Ndinayesa kudziletsa koma kuseka kunanditulukira m'mphuno. Mzee anabwera kudzafunsa chimene chalakwika, ndipo malume, mosaopa, anamuonetsa umboni wawo pa tebulo. Mzee sanakwiye. Anatola kamsomali kaja nati dzina lake ndi karafuu, duwa louma la mtengo wa kunyanja yamchere, ndipo ntchito yake ndi kununkhiritsa basi.

"Koma ndaona mukutafunira mbali imodzi, bwana mkubwa," anatero. "Dzino?"

Malume anavomera monyinyirika. Mzee anawauza kuti akaike padzinopo n'kuluma pang'onopang'ono. Anakana. Mama anayankhula kuchokera pampando wake, m'Chichewa chake chopindika, kuti mwamuna wamkulu chonchi akuopa duwa. Pamenepo malume anakaponya m'kamwa.  Patapita kanthawi anachotsa dzanja patsaya, nayendetsa lilime uku ndi uku.

"Lazizira," anatero modabwa. Kenako ananditembenukira. "Waona? Ndimanena ine kuti ndi mankhwala."

Koma mbale anaimaliza, ndipo pamene ndinapita kukasamba m'manja, ndinabwerako n'kupeza nyama ya m'mbale mwanga yachepa.

Mawa lake sindinachite kuwakakamiza. Anati tipite tikaone ngati dzino lingafune kaduwa kena. Tinadzera kuseri kwa nyumbayo, ndipo pa waya woyanikira zovala panali patalendewera tizingwe toyera tambirimbiri. Malume, poti ndi telala, anaima n'kugwira kamodzi, nakapotokola pakati pa zala.

"Ulusi wanji uwu wosalimba chonchi?"

"Chakudya chanu chimenecho," Mzee anayankha ali pakhomo la khitchini, manja ali mbuu ndi ufa wa tirigu. "Lero tili ku Italy."

Supageti wa m'sitolo kunalibe ku Karonga masiku amenewo. Mzee ankakanda yekha ufa ndi mazira, n'kuupsinja ndi botolo, n'kuudula ndi mpeni. Anatiphikira ndi tomato wambiri, adyo ndi nyama yogayagaya ndi chikwanje. Anationetsa kazunguzidwe ka foloko mmene wansembe uja ankachitira. Malume anayesa, tizingwe tonse n'kuterereka kubwerera m'mbale. Anayesanso, kamodzi n'kuwamenya pachibwano n'kusiya tomato pakolala. Anaika foloko pansi mwaulemu, napisa m'thumba la jekete, natulutsa sizasi yawo ya utelala imene sankasiyana nayo. Anaipukuta ndi mpango, nayamba kudula chakudyacho m'mbale momwemo, bwinobwino, ngati akudula nsalu ya kasitomala wovuta. Aphunzitsi awiri amene anali patebulo loyandikana nafe anasiya kudya. Mzee anagwira pamutu nati wansembe uja akanaona akanakomoka. Malume anadya ndi supuni mpaka mbale kuyera, nanena kuti Azungu a ku Italy ndi anthu abwino koma samaliza ntchito.

Nkhani ya ukwati ankaizengereza. Ndikaiyamba ankati sayankhula ndi ine, adzayankhula ndi mwini wake. Ndinatumiza uthenga ku Lupembe kudzera kwa kondakitala wa basi, pakuti msewu wa kumeneko unali wabwino, ndipo mnyamata wanga anafika pa njinga tsiku lotsatira masana, atavala shati yoyera ndi tayi wobwereka. Tinakumana kwa Mzee, poti kunalibe kwina. Anagwada pansi polonjera malume, nawatchula kuti bambo. Malume anamuyang'ana kuyambira kunsapato mpaka kumutu, ulendo wautali ndithu, nangoti, "Khalani."

Tsiku limenelo tinali ku China. Unali mpunga wokazinga ndi mazira, anyezi wamasamba ndi tinyama ta nkhumba, ndipo pambali pa mbale iliyonse Mzee anaika timitengo tiwiri tansungwi tosema yekha. Malume anati ana awo anawaletsa kusewera ndi timitengo pachakudya, ndiye sangayambe iwo ataona imvi. Anapempha supuni. Mnyamata wanga ankatha kudyera timitengoto, ndinamuonapo kambirimbiri, koma tsiku limenelo naye anapempha supuni.

Pakati pa tebulo panali kambale ka tsabola wa Mama. Tsabola ameneyo tonse tinkamudziwa. Ankasinja tsabola wamng'ono uja woyabwa kwambiri pamodzi ndi mandimu ndi mchere, ndipo munthu wanzeru ankangogunditsa nsonga ya supuni. Ndinawachenjeza malume.

"Ife a ku Ntcheu tsabola timadya ngati ndiwo," anatero mokweza, maso ali pa mnyamata uja. Anatapa supuni yodzaza n'kuthira pampunga wawo.

Mnyamata wanga anandiyang'ana, nayang'ana kambale. Anaona kuti akapanda kuthira aoneka wamantha, ndipo akathira pang'ono aoneka ngati akuwanena akuluwo kuti alakwitsa. Anatapa supuni yodzaza. Malume ataona choncho anawonjezera ina. Iyenso anawonjezera. Mama anadzuka pampando wake n'kudzaima pafupi, manja ali m'chiuno, kuti aonerere bwino.

Supuni zoyamba anadya mwachamuna. Kenako malume anasiya kutafuna. Thukuta linatsika pachipumi, mphuno inayamba kuchucha, ndipo misozi inayenderera m'masaya mpaka kudontha pa jekete. Mnyamata wanga naye maso anali psuu, tayi atamumasula. Palibe amene anafuna kuyamba kupempha madzi. Malume anatsegula pakamwa kuti ayambe nkhani imene anayendera ulendo wonsewo, koma munangotuluka mpweya.

Nthawi yomweyo pakhomo panaima anyamata a chipani atavala malaya awo ofiira. Ankayenda m'misika ndi m'malo odyera kuona makadi a chipani, ndipo aliyense anayamba kupisa m'thumba. Ife tonse tinali nawo. Malume anatulutsa yawo. Mtsogoleri wa anyamatawo, wa nkhope yosaseka, anaiyang'ana khadiyo, kenako anayang'ana mwini wake.

"Madala awa akulira chiyani?" anafunsa. "Akudandaula chiyani m'dziko la mtendere lino?"

 Amene sanakhaleko masiku amenewo sangamvetse, koma funso lotero silinali loseketsa. Anthu ankatengedwa pa zifukwa zochepa kuposa misozi. Bwenzi titangonena kuti ndi tsabola, koma mtsogoleriyo ankaoneka kuti wabwera kale ndi yankho lake m'mutu. Malume anayesa kuyankhula, mawu osatuluka. Anangokweza dzanja n'kuloza kukona, kumene kunali mtsuko wa madzi.

Mnyamata wanga anaimirira, misozi ili m'maso, nayankhula mofatsa ngati akulangiza alimi. "Akuluwa achokera ku Ntcheu, ndipo n'koyamba kufika kuno. Aona msewu, aona masikimu a mpunga, aona chipatala. Kuyambira m'mawa akungoti sankadziwa kuti chitukuko chafika mpaka kumalire. Taonani, akulephera n'kuyankhula komwe. Akungoloza chithunzi."

Onse anatembenukira kukona. Pamwamba pa mtsuko panalidi chithunzi chija. Malume anagwedeza mutu mwamphamvu, chala chili chilozere, misozi ikuwirikiza.

"Nanga inuyo mukulira chiyani?" mtsogoleri uja anafunsa mnyamata wanga.

"Ndikawaona akuluakulu akulira, nanenso sinditha kupirira."

Mtsogoleriyo anaima kanthawi. Kenako anagwira dzanja la malume ndi manja ake onse awiri, nawauza anzake kuti aone chitsanzo cha nzika yokhulupirika. Anawauza malume kuti akafika ku Ntcheu akanene zonse zimene aona. Mzee, amene ankadziwa kutseka nkhani, anawakulungira anyamatawo masamusa m'pepala, ndipo anatuluka akutafuna.

Mapazi awo atazimiririka, Mama anathamangira kukhitchini n'kubwera ndi chambiko, mkaka wowawasa uja wa kumeneko, m'makapu awiri akuluakulu. Malume, amene sankadya kwa munthu wosamudziwa amayi ake, anagugudiza osapuma, napempha china. Atapeza mawu anapukuta nkhope, nayang'ana mnyamata wanga nthawi yaitali.

"Ine ndine mkulu wa mpingo," anatero ndi mawu osasa. "Bodza ndi tchimo."

"Ndi zoona, bambo."

"Koma lanu lija linabwera msanga." Anayamba kuseka, kuseka kosakanikirana ndi kutsokomola, mpaka anavula jekete, chinthu chimene ine chibadwire ndinali ndisanaonepo. Mzee anaseka, aphunzitsi aja anaseka, ndipo mapewa a mnyamata wanga anagwedera mpaka kapu inatayikira.

Nkhani ya ng'ombe anaikamba masana omwewo, ine atandithamangitsira kukhitchini kwa Mama kumene ndinkamva zonse kudzera pawindo. Malume ananena mosabisa kuti mwana wa mlongo wawo si wogulitsa. Mnyamata wanga anafotokoza kuti kwawo ng'ombe si mtengo wa munthu, ndi ulemu kwa amene analera, ndipo mkazi wolowa popanda ng'ombe anzake amamuseka pachitsime. Malume anafunsa za ana. Anafunsa ngati ndidzaloledwa kupita kumaliro a kwathu ndi kukaona amayi akadwala. Anafunsa ngati amamwa. Sanagwirizane zonse tsiku limenelo, zambiri anadzamaliza ankhoswe patapita miyezi, ndipo pena panavuta ndithu. Koma pamene Mama anandituma kukapereka tiyi wa jinja, ndinapeza malume atagwira kolala ya shati ya mnyamata wanga akumuuza kuti amene anasoka ameneyo ndi wakuba, suti ya ukwati adzasoka okha.

Madzi ataphwera ndinawauza malume kuti tsopano tikhoza kupita ku Kaporo akaone kumene ndimakhala. Anafunsa kuti kumeneko wophika ndani. Nditati ndine, anati palibe chifukwa chothamangira, msewu uyambe wauma bwino. Tinakhalanso mpaka tinadya chapati ndi nyemba zothira zokometsera za ku India, ndi nthochi zophika ndi nyama zimene Mzee anati n'za konkuno ku Karonga, koma malume anakana kukhulupirira, anati chokoma chonchi chiyenera kukhala chakunja.

Ukwati unachitikira kwathu ku Ntcheu chaka chotsatira. Suti inamukwana mwamuna wanga, kupatula mikono imene inafupika pang'ono chifukwa malume sanakhulupirire muyeso umene anatenga okha. Anthu ali pakati pa kuvina, akazi awo a malume anandikokera kuseri kwa nyumba. Ndinkayesa akufuna kundipatsa malangizo a banja.

"Iwe," anatero, "amuna anga munakawatani kumpoto kuja?"

"Bwanji, alakwa chiyani?"

"Zaka zonsezi sanapondepo m'khitchini mwanga. Pano ndikangotembenuka ndimawapeza avundukula poto, akununkhiza. Dzana anandifunsa kuti lero tili kuti. Ndinawauza kuti tili pa Ntcheu pomwe pano, ndipo ndiwo ndi nkhwani."

Ndisanayankhe tinamva chivindikiro chikugwa kumene amayi ankaphikira mpunga wa alendo, kenako mawu a malume akufunsa ngati alipo amene wabweretsa adyo. Akazi awo anamanga chitenje mwamphamvu n'kuthamangira komweko.